Ng'ombe ya Dongo m'Khola la Khirisimasi

Sukulu zikatsekera mu Disembala, pakhomo pamasintha. Ana amene kwa miyezi itatu ankalawirira kusukulu tsopano amaswera pakhonde, kudikira kuti mvula ikate. Makolo nawo mitu ili kumunda: kupalira, kubandira, kuthira feteleza. Ndalama yambiri yapita kale ku mbewu, ndipo kotsalako akukasungira mpunga ndi nkhuku ya pa 25, komanso makope a mu Januwale. Chidole cha m'sitolo sichilowa n'komwe m'mawerengero amenewa. Komabe mukayenda m'mudzi, kapena m'tinjira ta ku Ndirande, Kawale ndi Chinsapo masiku amenewa, simupeza mwana atapinda manja. Wina akukulunga majumbo kuti apange mpira, wina akuwongola waya pamwala, ndipo tiana ting'onoting'ono tili matope okhaokha mpaka m'zigongono.

Zimene mwana amapanga zimatsata nyengo. Tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti ndi cha mapesi. Chimanga chili m'nkhokwe, minda ili mbee, ana amamanga timisasa ta masanje n'kumaphika zokunkha m'zitini. Phesi lomwelo amalisenda, timizere ta khungwa lake n'kumatibaya mu mtima wake wofewa, ndipo pamatuluka magalasi a m'maso, njinga, ngakhale ndege. Pofika Disembala mapesi aja adatha kalekale, ena chiswe chidadya, ena adakwiriridwa m'mizere. Chimene mvula yabweretsa ndi dongo. Kudambo, m'mbali mwa chulu, m'nkhuti momwe adakumba dothi la njerwa, monsemo nthaka yafewa ndipo ikulola kuumbidwa.

Chaka china tinakadyera Khirisimasi kumudzi, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zinayi. Kutatsala sabata ndi theka, amayi anga anafika kuchokera kudambo atasenza dongo m'beseni lakale lobooka. Anayala mphasa pakhonde, kukhala miyendo tambalale, n'kuitana mdzukulu wawo.

"Tabwera kuno, mkazi mnzanga, tiumbe ng'ombe za Yesu."

"Agogo, Yesu anali ndi ng'ombe?"

"Adabadwira m'khola. Khola lopanda ng'ombe unaliona kuti?"

Anayamba ndi kusankha timiyala ndi timizu, kenaka kukanda ngati ufa wa mandasi, uku akuwaza madzi pang'onopang'ono ndi nsonga za zala. Agogo anaumba yawo mosathamanga. Miyendo sanachite kumata, anaitsina kuchokera pathupi lomwelo, chimodzimodzinso linunda ndi nyanga. Mwana anayang'ana, n'kuumba yake. Inatuluka ndi mutu waukulu kuposa thupi, nyanga imodzi yoloza kumwamba, ndi miyendo isanu. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndichotse mwendo wachisanuwo. Amayi sanakweze n'komwe mawu.

"Tasiyani inu. Ng'ombeyo ndi yake. Mukaikonza ikhala yanu."

Kuyambira tsiku limenelo mwana ankati akadzuka, asanasukusule, ankathamangira kukaona ngati ng'ombe yake yauma. Kwa ife akuluakulu Khirisimasi inali isanafike. Kwa iye inali itayamba kale, ndipo inali kuseri kwa chitseko, paphale pomwe agogo anayanika ziweto zija.

Nanga anayanikiranji pamthunzi, dzuwa likuwala panja? Dongo ndi dothi la tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri, taphanthiphanthi, tosaoneka ndi maso. Madzi akalowa pakati pake, tizidutswato timatereka pamwamba pa tinzake popanda kulekana, n'chifukwa chake dongo limapindika osathyoka pamene mchenga umangoyoyoka. Madzi aja akamauma, dongo limafota. Mukaliika padzuwa, kunja kumauma msanga m'kati mukadali chinyontho, ndiye kunjako kumang'ambika. Malo omata ndiwo amayamba kulekana, ndipo n'chifukwa chake woumba wodziwa amatsina miyendo m'malo momata. Amayi oumba mbiya amasakaniza dongo lawo ndi mchenga wosalala kapena mapale osinja kuti lisafote kwambiri. Choumba chikangouma chabe, chimakhalabe dothi: chikanyowa chimabwerera kumatope. Chimene chimachisandutsa phale ndi moto wotentha kupitirira madigiri 500, umene umatulutsa madzi omangika m'kati mwenimweni mwa tizidutswa tija. Koma kuponya pamoto kanthu kosauma bwino n'kuwononga, chifukwa madzi otsalira amasanduka nthunzi n'kukaphulitsa. M'nyengo yamvula kang'ombe kakang'ono kamafuna sabata yathunthu kuti kaume. Mwana wa zaka zinayi sangamve zonsezi mutamufotokozera, koma ng'ombe yake ikang'ambika kamodzi, ulendo wina amaiika yekha pamthunzi.

Khola limene agogo ankanenalo lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1223, Francis wa ku Assisi anafuna kuti anthu a m'mudzi wa Greccio ku Italy aone ndi maso umphawi umene Yesu adabadwiramo. Anakonza modyera ziweto m'phanga, kuikamo udzu wouma, n'kubweretsa ng'ombe ndi bulu zamoyo, ndipo Misa ya usiku wa Khirisimasi inachitikira pomwepo. Mwambowu unafala, ndipo m'malo mwa nyama zamoyo anthu anayamba kusema ndi kuumba. Chodabwitsa n'chakuti Uthenga wa Luka umangotchula modyera ziweto, ng'ombe ndi bulu suzitchula. Akhristu akale adazitenga pa mawu oyambirira a buku la Yesaya. Mateyu nayenso sanena kuti anzeru akum'mawa anali angati. Chiwerengero cha atatu chidachokera pa mphatso zitatu zimene adapereka.

Kwina kumene khola la dongo linakhazikika kwambiri m'nyumba za anthu wamba ndi ku Provence, kumwera kwa France. Pa nthawi ya kuukira boma kumene kunayamba mu 1789, matchalitchi anatsekedwa kwa kanthawi, ndipo mabanja anayamba kukonza timakola tawo kunyumba. Munthu wina wa ku Marseille, Jean-Louis Lagnel, ankaumba tianthu ta dongo totsika mtengo, ndipo msika wogulitsa tianthuti, totchedwa santons, wakhala ukuchitika mumzindawo kuyambira 1803. Chimene chimandikoka mtima pa makola a ku Provence n'chakuti anthu ake sanalekere pa Maria, Yosefe ndi abusa. Anaumbanso anthu a m'mudzi mwawo: wogaya tirigu, mayi wogulitsa nsomba, wonola mipeni, nkhalamba yosenza nkhuni. Onse akupita kukaona mwana, aliyense ndi chimene ali nacho. Kuno kwathu nzeru yofananayo imaoneka ku Mua m'boma la Dedza, pamishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a KuNgoni kumeneko mu 1976, ndipo amisiri osema a pamalowo amaonetsa anthu a m'Baibulo ndi nkhope ndi zovala za kuno.

Ana safuna kuwauza zimenezi. Mukawasiya, amachita okha. M'khola lathu lija, limene linali katoni ya sopo yogonekedwa cham'mbali, yofoleredwa ndi udzu, munalowa mbuzi, nkhuku yofungatira mazira atatu, mtondo ndi munsi wake, ndi kamphika. Mwana wa achimwene anga anaumbanso njinga ya kabaza, akuti yoti Yosefe akagulire mankhwala. Yesu anali chitsononkho chokulungidwa m'kachigamba ka chitenje kochokera kwa telala. Wina akanati khola lotere si laulemu. Ine sindikuganiza choncho. Mwana amene waika mtondo pafupi ndi Maria wamvetsa kuti mayi wachikuta amafunika phala.

Za mtengo wa Khirisimasi tingodutsapo. Mwambowu ndi wa ku Germany, ndipo unatchuka ku Britain nyuzipepala ina ya ku London itasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi banja lake atazungulira mtengo wotere mu 1848. Kuno nthambi ya paini yozikidwa m'ndowa ya mchenga imakwanira. Thonje loyerekezera chipale chofewa silinena kanthu kwa mwana amene akutuluka thukuta ndipo akudya mango. Bola kupachikapo zimene manja ake apanga.

Apa ndi pamene pamalowa mapepala. Kalendala ya chaka chimene chikuthachi ndiyo chuma, chifukwa pepala lake ndi lolimba komanso lamitundu. Wamkulu amadula timizere, mwana amapinda kamzere kukhala mphete, n'kulowetsa kena m'kati, mpaka unyolo utatalika kuchoka pakhomo kukafika pazenera. Guluu wogula safunika. Supuni imodzi ya ufa wa kondoole m'kapu ya madzi, kutakasa pamoto wochepa mpaka kaphalako katawala, kakazizira kamamata bwinobwino. Ingophikani kochepa, chifukwa kamasasa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mphemvu ndi makoswe zimakakonda. Ntchito ya unyolo imaoneka yopepuka, koma kwa mwana wa zaka zitatu ndi yaikulu: dzanja lina ligwire, lina lipake, ndiye adikire osasiya mpaka pamatike. Ambiri amatopa pa mphete yachisanu n'kuthamangira nkhuku. Palibe cholakwika. Unyolo umadikira, mawa adzaupitiriza.

Nyenyezi ndi ntchito ya ana okulirapo. Timitengo tisanu ta nsungwi tofanana kutalika, tomangidwa ndi ulusi pansonga, timapereka nyenyezi ya nsonga zisanu. Mukapanga ziwiri n'kuzimanga pamodzi, pakati n'kuikapo tizitsotso tozitalikitsa, mwapeza chimango choti n'kukuta ndi pepala. Anthu a ku Philippines ndiwo akatswiri a nyenyezi yotere. Amaitcha parol, ndipo kale inkaunikira anthu popita ku Misa za m'bandakucha zimene zimayamba pa 16 Disembala n'kuchitika masiku asanu ndi anayi. Mumzinda wa San Fernando m'chigawo cha Pampanga mumachitika mpikisano wa nyali zikuluzikulu chaka chilichonse. Chiyambi chake ndi nsungwi ndi pepala, zinthu zimene ifenso tili nazo kuseri kwa nyumba.

Koma mfumu ya zopangapanga za ana athu ndi galimoto ya waya, ndipo tchuthi chilichonse ndi nyengo yake. Ntchito imayamba ndi kusaka. Chigwiriro cha ndowa yakutha, masipoko a njinga, waya wa mpanda wakugwa, zonsezi mnyamata amazitola masiku angapo n'kuzibisa padenga kapena pansi pa nkhokwe. Waya wokhuthala amauwongola poumenya ndi mwala, amaudula poupinda uku ndi uku mpaka utathyoka. Amayamba ndi chimango cha pansi, n'kukwezapo thupi, polumikizira ponse n'kumanga ndi waya wopyapyala wochokera m'wailesi yakufa kapena timizere ta chubu cha njinga. Matayala amadula ku patapata wakutha, ena amagwiritsa ntchito zitini za polishi kapena zitsekerero za mabotolo. Pamene pamaonekera mmisiri weniweni ndi kutsogolo. Chitsulo cha matayala akutsogolo chiyenera kukhala chotha kutembenuka, cholumikizidwa ku waya wautali wofika m'chiuno mwa mwini wake, kumapeto kwake kuli chiwongolero chozungulira. Akachipotoza, galimoto ikhote. Ikalephera kukhota, anzake amamuuza pomwepo pamene walakwitsa, ndipo amamasula n'kuyambiranso. Palibe anamujambulira pulani. Anangoyang'anitsitsa minibasi ndi malole odutsa pamsewu, n'kusunga maonekedwe ake m'mutu.

Luso limeneli linafika kutali. Karen Lynn Williams, wolemba wa ku America amene anakhalapo ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990, lonena za mnyamata woyendayenda m'mudzi kufunafuna waya. Lero m'masitolo ena akunja zidole zawaya zokankha zimagulitsidwa ndi dzina lomwelo la Chichewa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anabadwa mu 1987 ndipo anamanga makina opukusidwa ndi mphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14 atasiya sukulu chifukwa cha njala, anafotokoza m'buku lake la mu 2009 mmene iye ndi anzake ankapangira timalole ndi makatoni a Chibuku ali ang'ono. Manja amene anadzamanga dayinamo ya njinga pansanja ya mitengo ya bulugamu anayambira pamenepo. Si mwana aliyense wopinda waya amene adzapange magetsi, ndipo sitimulola kusewera pofuna kuti adzatchuke. Timamulola chifukwa mwana amene wapanga chinthu choyenda ndi manja ake amadziwa kuti zinthu zimachita kupangidwa, ndipo zikawonongeka zimakonzeka.

Pali chimodzi chimene chimandiwawa ndikamaona gulu la ana oyendetsa magalimotowa. Kumbali kumakhala kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, mwana kumbuyo, kakuyang'ana. Tchuthi cha mnyamata chimakhala cha kusewera, cha mlongo wake chimakhala cha kulera, kutunga madzi ndi kutsuka mbale. N'zoona kuti mayi ali kumunda ndipo khanda likufuna womubereka. Koma mnyamatanso ali ndi msana. Mtsikana amene amatha kuluka tsitsi la ndevu za chimanga ndi kusoka kadiresi ka chidole ndi singano yeniyeni sangalephere kupinda waya, atangopatsidwa mpata ndi manja opanda katundu.

Akatswiri a maphunziro a ana anazindikira kale kufunika kwa ntchito zamanjazi. Friedrich Fröbel wa ku Germany, amene mu 1840 anatcha sukulu yake ya ku Bad Blankenburg dzina loti Kindergarten, kutanthauza munda wa ana, ankapatsa ana dongo, mapepala opinda ndi oluka, timitengo ndi nsawawa zonyika zolumikizira timitengoto. Aphunzitsi athu amaphunzira mfundo yotchedwa TALULAR, yolimbikitsa kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo, ndipo alezi a m'sukulu za mkombaphala amapanga okha zoseweretsa zambiri. Amayi anga sanamvepo za Fröbel, koma pamphasa paja zonse zinalipo. Mwana wa zaka ziwiri amangofinya dongo n'kulimenya, ndipo apo zala zikulimba. Wa zaka zitatu amakulunga timipira ndi tinjoka. Wa zinayi kapena zisanu amayamba kupanga chinthu chimene anachiganiza asanayambe, ndipo zala zomwezo ndi zimene zidzagwire pensulo. Mawu nawo amabwera pomwepo. Mwana wanga, wokulira m'tauni, anamva koyamba mawu oti linunda, mthiko ndi nkhata ali pamphasa imeneyo. Anawerenganso miyendo ya ng'ombe ya agogo, kuwerenga ya ng'ombe yake, n'kunena kuti yakeyo ndiyo idzathamange kwambiri.

Sikuti zonse zimayenda mwamtendere. Khanda limakwawa n'kuphwanya mbuzi imene mkulu wake waivutikira m'mawa wonse, kulira n'kubuka. Awiri amalimbirana lumo limodzi. Mayi wobwera kumunda atatopa amapeza khonde limene anazira dzulo lili matope, ndipo akakalipa sitingamudzudzule. Chimene chimathandiza n'kupatula malo amodzi, kuyalapo chiguduli, ndi kuzoloweza ana kuti kusesa ndi kusamba m'manja ndi gawo la ntchitoyo. Nthawi imene wamkulu angapereke siyenera kukhala yaitali. Mphindi zochepa madzulo, podikira kuti ndiwo zipse, zimakwana kudula timizere ta mawa.

Diso la wamkulu limafunika kwambiri pa zinthu zingapo. Nkhuti ndi maenje a njerwa zimadzaza madzi mu Disembala, ndipo kamwana kamatha kumira m'madzi osafika n'komwe m'mawondo a munthu wamkulu, choncho dongo akatape ndi wamkulu. Madzi odikha a m'madambo amakhalanso ndi nkhono zofalitsa likodzo. Mikanda, nyemba ndi timabatire tozungulira ta mawotchi zisayandikire mwana wosakwana zaka zitatu, amene chilichonse amachiika m'kamwa kapena m'mphuno. Nthanga za nsatsi ndi timbewu tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda n'tokongola pa mkanda, koma ndi poizoni woopsa mwana akatafuna. Lezala yotola sipatsidwa kwa mwana. Kandulo isayatsidwe pafupi ndi khola la udzu kapena m'kati mwa nyenyezi ya pepala. Tochi yaing'ono imawala mokwanira.

Tsiku la 25 litafika, khola linaikidwa pakatebulo pabalaza, unyolo wa kalendala ukulendewera pamwamba. Mpunga unali pamoto, nkhuku yachikuda ikununkhira, ana atavala zatsopano za pakaunjika. Mlendo aliyense wolowa, asanalandire n'komwe mpando, ankagwidwa dzanja n'kukokeredwa pakatoni paja.

"Azakhali, taonani ng'ombe yanga. Iyi, ya nyanga imodziyi."

"Mwaumba nokha, amayi?"

"Ndekha. Agogo anangondipatsa dongo."

Tinakhala kumudziko mpaka chaka chatsopano chitalowa. Ziweto zija zinatuluka m'khola n'kuyamba kudyetsedwa pabwalo, kukwezedwa pa lole ya waya, kupita kumsika wa kuseri kwa nkhokwe. Usiku wina ng'ombe ya miyendo isanu inaiwalidwa m'mphepete mwa khonde, ndipo kunagwa mvula yamphepo. M'mawa panali kamulu ka matope, nyanga yokha ikuonekera. Mwana anakatola ndi manja awiri, misozi ili m'maso, n'kupita nako kukhitchini kumene agogo ankasonkha moto.

"Agogo, ng'ombe yanga yasungunuka."

Agogo anakalandira, kukafinya m'dzanja, n'kuona kuti dongolo likadali labwino.

"Katenge beseni lija tilikandenso. Lero tiumba chiyani?"

Anaganiza kaye, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Bakha," anatero. "Bakha saopa mvula."